Nkhosa zanga zinasiya kudya

Mwana wanga wamkazi anandigulira nkhosa zinayi ku Uraha kuti ndiyambe kuweta. Zitafika kuno ku Mwenilondo, sindinaziike pamodzi. Ina ndinaimangirira kuseri kwa bafa, ina m'nthochi, ina kukhitchini, yamphongo pansi pa zenera langa. Wakuba akabwera atenge imodzi, osati zonse.

Sabata ino zinasiya kudya. Kulira kokhakokha, kukoka chingwe mpaka mwendo kunyuka. Ndinakayikira wogulitsa, ndinakayikira aneba, ngakhale mkamwini wanga amene anazinyamula.

Mayi wina woyandikana naye anandinong'oneza kuti ndisaitane alangizi a ziweto. Akuti akapeza matenda amalamula kuti zonse ziphedwe, bola ndigulitse msanga kwa opha nyama. Wonenayo mlamu wake ali ndi butchala, ndiye ndimumvere ine?

Ndinawaitana alangiziwo.

Anabwera mtsikana panjinga yamoto. Anayamba wafunsa chilolezo chosamutsira ziweto, ndipo mwamwayi mkamwini uja anali atatenga. Kenako anayang'ana m'kamwa, m'mphuno ndi ziboda, ine ndili pambuyo pake, maso pa manja ake.

"Agogo, sizikudwala izi, zikusowana," anatero. "Nkhosa si mbuzi. Ikakhala yokha imachita mantha, siidya."

Ndinamufunsa ngati akundiseka. Iye anangoti ndichotse zingwezo, zonse zigone khola limodzi lokwera m'mwamba, chifukwa dothi lathu lino mvula ikagwa limaoletsa ziboda. Pakhale mthunzi ndi madzi oyera. Anandiletsanso kuzisakaniza ndi mbuzi zanga mpaka papite masabata angapo, poti n'zachilendo. Lamulo limenelo ndinalikonda. Amene analilemba nayenso sakhulupirira alendo.

Titazimasula zinathamangirana, kununkhizana, posakhalitsa mitu inali pansi zikubudula msipu. Ndinakhala pansi, mtima unatsika. "Yewo, mwanangu," ndinatero, mawu othokoza amene sindiwamwaza mwachisawawa.

Musaganize kuti ndasintha. Loko wa pakhola ndagula wamkulu, kiyi ndimamangirira pachitenje. Koma chandidabwitsa n'chakuti ambirife timaopa mlangizi kuposa matenda enieniwo. Chiweto chikangogwetsa makutu timabisa, m'mawa mwake chapachikidwa pamsika.

Inu amene mumathamangira mpeni musanafunse, ndi ziweto zingati munazipha zili bwinobwino? Nanga zimene zinkadwaladi zija, nyama yake anadya ndi ana a yani?