Barba Vicko ndi Makina a Magemu

Chipinda chapamwamba cha nyumba yawo barba Vicko anamanga okha, mwana wawo Jakša asanamere ndevu. Barba ndi mawu aulemu oitanira amuna achikulire kumeneko. Masana ankagwira ntchito pasitima yowolotsa anthu ndi magalimoto kuchoka pachilumba cha Pašman kupita ku Biograd, kuponya zingwe ndi kukuwira madalaivala kuti asendere kutsogolo. Akaweruka ankasenza simenti. Koma chimangireni sanagonemo chilimwe ngakhale chimodzi. Monga banja lililonse m'mudzimo, dzuwa likayamba kutentha iwo amatuta zovala, mankhwala ndi zithunzi za ukwati n'kutsikira ku konoba, chipinda chapansi chosungiramo migolo ya vinyo ndi maukonde, kuti kumwamba kugone alendo obwera kudzasamba m'nyanja.

Kale zonsezi ankayendetsa ndi akazi awo, malemu Luce. Iwo atamwalira ntchito inagwera Jerka, mkazi wa Jakša. Jerka ndiye amachapa nsalu zogonera, kuyankha alendo pafoni, kuthirira dimba, kulera kamwana kake Lucija, ndipo m'mawa amakagulitsanso buledi kubekale ya kudoko. Jakša analowa m'malo mwa bambo ake pasitima, choncho chilimwe chonse amangobwera kudzadya ndi kugona.

Nyengo yozizira yapitayo barba Vicko anadwala sitiroko. Anachira, mwendo unabwerera, pakamwa panabwerera kuposa kale, koma dzanja lamanja linatsala lolemera. Kuchipatala anawapatsa kampira kofewa kuti azikafinya tsiku ndi tsiku. Iwo anakafinya kawiri n'kukaponyera mphaka. Ndiye mwana wawo wamkazi, Nevenka, amene amakhala ku Germany, anatumiza makina a magemu olumikiza ku TV, ndi tiziwongolero tiwiri ta mabatani.

"Akundiyesa mwana," anatero barba Vicko bokosi likutsegulidwa.

Pofika Isitala munthu sakanawachotsa pampando. Anakonda gemu imodzi yokha, ya mpikisano wa magalimoto, ndipo ankatukwana madalaivala a mu TV ndi mawu omwe aja a pasitima. Zala zinayamba kumvera. Anayamba kugwira supuni ndi dzanja lamanja, kenako lezala yometera. Jerka anauza Nevenka pafoni, onse awiri analira pang'ono, n'kupangana kuti asawauze mwini wake kuti makinawo ndi mankhwala.

Vuto linabwera ndi zithunzi. Jerka anajambula zipinda kuti aike pa intaneti, ndipo makina aja analowa pachithunzi, ali phee pansi pa TV. Mafunso anayamba kubwera: kodi makinawo amagwira ntchito? Jerka anakumbukira za chaka chatha, mphepo itawomba masiku angapo, ana a alendo n'kujambula nsomba pakhoma ndi cholembera chifukwa chosowa chochita. Anayankha onse kuti inde, amagwira.

Tsiku lotsikira ku konoba anapeza apongozi ake akukulunga nthambo za makinawo.

"Nono, amenewo asiyeni." Chibadwire Lucija, Jerka nayenso amawaitana nono, kutanthauza agogo, ngati mdzukulu.

"Ndiwasiye bwanji? Ndi anga."

"Ali pachithunzi. Chimene chili pachithunzi sichitsika, mukudziwa."

"Ukanandijambula inenso, nevista, ndikanatsala kumwamba kuno." Iwo amamuitana nevista, kutanthauza mkazi wa mwana wawo.

"Inu palibe akanabwera."

Barba Vicko anayang'ana kwa Jakša, amene ankatsitsa matiresi pamasitepe.

"Ine musandilowetsemo, bambo," anatero Jakša. "Ndili ndi sitima."

Barba Vicko anabwezera nthambo pamalo pake, n'kutsika ndi thumba la masokosi.

Mwezi woyamba ankakhala pansi pa mpesa pabwalo, khutu lili kuwindo la pamwamba. Ana a alendo akayatsa makina, iwo ankamva injini zikulira n'kumadzilankhulira okha. "Wagunda khoma ameneyo. Mabuleki, iwe, mabuleki." Jerka ankaseka. Koma tsiku lina patebulo anaona supuni yabwerera kudzanja lamanzere, lamanja litangogona pabondo. Anawagulira kampira kena. Kanakathera kwa mphaka. Jerka ankatsuka mbale mtima uli m'mwamba: akatsitsa makina akhala atanamiza alendo, akawasiya dzanja lija libwerera kumene linachokera.

Kumwamba kukakhala alendo, mwini nyumba sakwerako popanda chifukwa, ndipo sakwera chimanjamanja. Malemu Luce anasiya lamulo lomveka bwino: ugogode, upereke mbale ya nkhuyu kapena tomato, usakhale pansi ngakhale akukakamize, utsike. Barba Vicko lamuloli ankalidziwa kuposa aliyense.

Mwezi wotsatira kunabwera banja la ku Czech: Libor, mkazi wake Kveta ndi atsikana awo awiri. Galimoto yawo inafika itatsamira kumbuyo. Anatsitsa mbatata, mowa, supu wa m'mapaketi ndi katoni yathunthu ya zitini za nyama yopera yopaka pabuledi.

"Awa abwera ndi golosale yawo," anatero barba Vicko ali pansi pa mpesa. "Kwa ife adzagula dzuwa lokha."

"Nono, akumva. Chilankhulo chawo n'chapachibale ndi chathu."

"Ndiye amve."

Patapita masiku Jerka anayamba kudabwa ndi dimba. Madzulo amasiya tomato atapsa, akabwera kuchokera kubekale masana n'kupeza waiwisi yekhayekha. Nkhuyu za m'nthambi zam'munsi zinatha. Anayamba kukayikira mbalame, kenako mayi a nyumba yoyandikana nayo, moti anawapatsa moni wozizira popanda mlandu. Koma apongozi ake ankaoneka osangalala, ankaimba likhweru, ndipo supuni inali itabwereranso kumanja.

Tsiku lina akusesa ku konoba anasuntha mgolo n'kupeza zitini zitasanjidwa bwinobwino kukhoma.

"Nono, zitini izi zamera?"

"Mphatso."

"Ya ndani?"

"Munthu ali ndi anzake, nevista. Si aliyense amene amandiona ngati katundu wosakhala pachithunzi."

M'mawa mwake buledi anatha msanga ndipo Jerka anabwerera dzuwa lisanafike pamutu, Lucija ali padzanja. Asanalowe pageti anamva mawu a apongozi ake akuchokera pawindo la pamwamba: "Sendera, bulu iwe, msewu si wa amako." Jerka anaima. Mlendo akalemba pa intaneti kuti mwini nyumba amalowa n'kukhala pasofa, chilimwe chamawa kumwambako kudzagona akangaude. Anafuna kuthamanga pamasitepe, koma anakumbukira kuti alibe kanthu m'manja. Anazungulira dimba lonse. Chimene chinatsala linali biringanya limodzi lopindika. Analitsuka, n'kuliika pambale yabwino, n'kukwera.

Chitseko anatsegula ndi Kveta. Mkati, barba Vicko anali atakhala pasofa yawo, pamalo pawo pomwe paja, akupikisana ndi Libor. Atsikana awiri aja anakhala pamipando atavala zosambira, matawulo ali m'khosi. Matiresi opopa oyandamira panyanja anali atatsamira kukhoma pafupi ndi chitseko. Nyumba yonse inkanunkhira mafuta odzola padzuwa, koma anthu onse anayi anali oyera mbuu ngati tsiku limene anafika. Patebulo, pawindo, pamwamba pa firiji, paliponse panali tomato.

Kveta anayang'ana biringanya lija, nkhope yake n'kugwa. Anamukokera Jerka pakhonde. Analankhula pang'onopang'ono, aliyense m'chilankhulo chake, manja akuthandizira.

"Mayi Jerka, bambo anu ndi munthu wabwino kwambiri."

"Pepani, mayi Kveta, sindinadziwe."

"Ayi, ayi, ndi wabwino. Koma zitini zatithera. Dzulo tinawapatsa supu wa m'paketi. Mawa sindikudziwa, mwina tochi."

"Mumawapatsiranji?"

"Abwera ndi mphatso, tingawabweze opanda kanthu? Ndipo mlendo akakhala pansi, sungamusiye yekha m'nyumba iwe n'kupita kukasamba. Timadikira amalize. Akamaliza dzuwa latentha kwambiri, ana satuluka."

"Mayi Kveta, alendo ndinu. Iwo ndi eni nyumba."

"Nanga bwanji amagogoda?"

Jerka anagwira pakamwa. Kveta anayamba kuseka, Jerka naye, mpaka Lucija anayamba kuseka osadziwa nkhani yake.

"Tiuzeni chochita," anatero Kveta akupukuta misozi. "Tinabwera kudzaona nyanja. Timangoionera pawindo."

Jerka anasuzumira mkati. Sanayang'ane TV, anayang'ana manja a apongozi ake. Chala chachikulu cha kumanja chinkathamanga pamabatani, chamkombaphala chikufinya ndi kusiya, chopanda kunjenjemera. Anaima pakhomo mpaka mpikisano unatha, Libor ataponya kachiwongolero pasofa n'kukweza manja kuti wagonja. Ndiye analowa, n'kugwada kuseri kwa TV, n'kuzula nthambo.

Barba Vicko anachita manyazi ngati mwana wopezedwa mumtengo wa eni. "Ndinangobweretsa nkhuyu, nevista. Anandikakamiza kukhala."

"Ndaona. Nyamulani tiziwongolero."

"Tikupita nato kuti?"

"Kwanu, ku konoba."

"Nanga chithunzi?"

"Ndijambula china."

Jerka anatembenukira kwa Libor ndi Kveta. "Makinawa ndinakulonjezani, ndipo sindikukubisirani, ndikuwatsitsa. Ndi a nono, dzanja lawo limawafuna. Atsikana akafuna kusewera atsike, chitseko sichitsekedwa. Ngati zakuipirani, nenani tikambirane."

Atsikana aja anali atanyamula kale matiresi awo, wamkulu ali pasitepe yachitatu. Libor anasenza makina yekha mpaka pansi, n'kuwalumikiza ku TV yaing'ono ya pamwamba pa mgolo, n'kugwirana chanza ndi barba Vicko, kenako n'kuthamangira ana ake. Masiku otsalawo alendowo anapsa ndi dzuwa mpaka kusupuka mapewa. Libor yekha ndiye ankatsika madzulo aliwonse kudzafuna kubweza chipongwe, ndipo anabwerera kwawo asanapambane. Jerka anabwezera zitini theka m'galimoto yawo. Zina barba Vicko anakaniza, akuti azolowera kukoma kwake.

Jerka anajambula chithunzi china, pansi pa TV pali mphika wa maluwa, n'kulembera onse amene anali asanabwere kuti makina kulibe. Banja lina la ana aamuna atatu linayankha kuti ndiye likagona kwina. Zinamuwawa, ndipo Jakša anang'ung'udza pachakudya chamadzulo, koma sabata yomweyo inatengedwa ndi mayi ndi bambo ena achikulire a ku Slovenia amene ankangofuna khonde ndi bata. Bata analipeza kumwamba. Ku konoba ndiye kunalibe.

"Munthu ndimachokera ku injini n'kubwera ku injini," anatero Jakša tsiku lina masana, atadziphimba pilo kumutu. "Bambo, chepetsani."

"Ndikachepetsa sindimva giya."

"Mulibe giya mmenemo, ndi TV."

"Iwe uli ndi sitima, usalowemo."

Nkhuyu za m'nthambi zam'mwamba, zimene barba Vicko sanathe kuzifikira, zinapsa zonse pamodzi kumapeto kwa chilimwe. Jerka anakwera makwerero n'kudzaza mabeseni awiri. Analowa nalo limodzi ku konoba, n'kuliika pakati pa apongozi ake ndi TV, pamodzi ndi mpeni ndi thabwa loyanikira.

"Musanayatse, nono."

"Zonsezi?"

"Zonsezi. Mudule pakati, muyale pathabwa. Dimba langa munalimaliza ndinu."

"Ndine wodwala, nevista."

"Wodwala amene wagonjetsa dziko lonse la Czech."

Barba Vicko anang'ung'udza za ukapolo ndi za akazi a masiku ano. Anatenga mpeni ndi dzanja lamanja, n'kudula nkhuyu yoyamba pakati ndendende. Theka anaika pathabwa, theka lina anapatsa Lucija, amene anali ataimirira kale pabondo pawo kukamwa kuli yasa.