Dzina Limene Ndinalichotsa M'buku la Makala

Kalata yoti ndapatsidwa malo okachita maphunziro a digiri ya PhD ku Mangalande inandipeza ku ofesi, mu Blantyre momwe muno, ndipo ndinakaiwerengera kuchimbudzi. Masiku amenewo chinthu chabwino sunkachionetsa msanga, poti sunkadziwa amene chingamuwawe. Nditafika kunyumba ku Soche ndinauza mkazi wanga Esinati kuti mwina ndingokana. Mwana wathu Chifundo anali asanayambe n'kuyenda komwe.

"Mukane chifukwa chiyani?" anandifunsa.

"Zaka zinayi n'zambiri, amake Chifundo."

"Ambiri ndi mantha anuwo. Pitani."

Sananame. Ine ndine munthu woti ndikakhoma chitseko ndimabwerera kukachigwedeza. Bambo anga, amene anachoka ku Nsanje kudzagwira ntchito ya njanji ku Limbe, ankati ndinabadwa ndikucheuka.

Tsiku loyamba ku yunivesite kuja anatipatsa kabuku ka malamulo a ophunzira a m'gawo lofufuza za magetsi, malasha, mafuta ndi nkhuni. Ndinakaloweza ngati katekisimu. Chaka chilichonse ukaonekere pamaso pa aphunzitsi atatu, ndipo akapanda kukhutira ulongedze katundu. Usanamalize, nkhani yako imodzi ituluke m'magazini ya akatswiri. Zimenezo zinali zoopsa ndithu, koma amene anadzandisowetsa mtendere ndi malamulo ena awiri. Lina linkati aliyense wokutolera manambala alembedwe dzina m'buku lako, kuti oyesa mayeso athe kumufunsa. Linalo linkati buku likatha liikidwe mu laibulale, wofuna aliyense awerenge.

Ndinasankha kufufuza mmene mabanja a m'tauni yathu amaphikira ndi kuunikira: makala amatha ochuluka bwanji, palafini bwanji, ndipo kwa ochepa amene anali ndi magetsi, amazima kangati. Pulofesa wanga, mayi wamtali wosaseka wamba, anakondwa nazo, n'kufunsa funso limodzi lokha: akutolere ndani? Kubwera kumudzi pakati pa maphunziro kunali kosatheka. Ndinapempha Esinati, amene ankaphunzitsa Sitandade 4 ku Manja, ndipo kalatayo inanyamulidwa pamanja ndi m'busa wina wobwerera kuno.

Akaweruka ankayenda khomo ndi khomo ku Manja, ku Soche mpaka ku Nkolokosa, kucheza ndi amayi anzake. Tonse tinkadziwa kuti makalata opita kunja amatsegulidwa, ndiponso kuti wolemba zoti anthu akuvutika m'tauni ankatengedwa ngati wonyoza boma. Kalata yake yoyamba inati, "Amalume anakomoka Lachiwiri maola atatu, Lachisanu anakomokanso." Amalume anga onse anamwalira kalekale. Ndinatha masiku awiri ndikukanda m'mutu ndisanazindikire kuti amalumewo ndi magetsi, nyemba zimene anazitchulanso m'kalatamo ndi makala, ndipo mankhwala a chifuwa ndi palafini. Ndinaseka ndekha m'kachipinda kanga mpaka misozi, kenaka misoziyo inasanduka yeniyeni.

Kusungulumwa kwa kumeneko sikunali kusowa anthu. Amalawi anzanga analipo mumzindamo, koma tikakumana tinkangokamba za mpira ndi kuzizira, poti sunkadziwa kuti mnzakoyo makalata ake amalembera yani. Kandalama kamene ankatipatsa ndinkakagawa pawiri, kena n'kutumiza ku Soche, ndipo mbatata ya kachewere ndinaidya mpaka inandikola.

M'chaka chachiwiri makalata anasiya kubwera. Sabata zinayi, zisanu, zisanu ndi ziwiri, zii. Kuimba foni sindikanayesa, kuopa kuonjezera moto. Ndinakaonekera pamaso pa aphunzitsi atatu aja buluku likundikhwepa, ndipo zimene ndinayankha sindizikumbuka. Ndinkangoona Esinati akukwezedwa m'galimoto chifukwa cha ine ndi makala anga. Kenaka inafika kalata yaifupi: "Ndinadwala malungo, ndachira. Amalume ali chimodzimodzi." Ndinakhulupirira, poti ndinkafuna kukhulupirira. Kuyambira pamenepo manambala ake anakhala okoma kuposa kale: nyemba zimatha bwanji nthawi ya mvula, amagula thumba ndani, amagula kamulu ndani. Pulofesa anati sanaonepo wotolera waluso chotero.

Buku litatsala pang'ono kutha, lamulo la dzina lija linandipeza. Ndinapita kwa pulofesa kukapempha kuti dzina la Esinati lisalembedwe.

"Lamulo ndi lamulo," anatero. "Wagwira ntchito atchulidwe. Kubisa dzina la munthu ndi kumubera."

"Kwathu, mayi, kulemba dzina la munthu ndi kumupereka," ndinayankha.

Pomaliza anati akaitula nkhaniyo kwa akuluakulu. Ndinadikira sabata zitatu mtima uli m'mwamba, poti akanakana ndikanayenera kusankha pakati pa digiri ndi mkazi wanga. Anavomera kuti dzinalo liikidwe mu envulopu yomata, itsekeredwe m'kabati ya ku ofesi, ndipo m'bukumo mungolembedwa kuti "wothandiza wina wa mu Blantyre". Tsiku limenelo ndinadziona ngati mwamuna woteteza banja lake. Esinati sindinamufunse, poti ndikanamufunsa bwanji m'kalata?

Pobwerera kumudzi, pa bwalo la ndege la Chileka, bambo wofufuza katundu anatulutsa bukulo m'chikwama. Anatembenuza masamba, kuona mizere ndi manambala.

"Ndi za chiyani zimenezi?"

"Za makala, bwana."

"Mpaka ku Mangalande kukaphunzira makala? Bwenzi mutangopita ku Ndirande." Anaseka n'kundiponyera bukulo.

Nditafika ku Soche ndinapeza matumba a makala atasanjidwa pakhonde pathu, timilu tina tili pansi pa mtengo wa mango. Ndinayesa kuti ndi a aneba. Chifundo, amene tsopano anali mtsikana wotha mtunda, anandibisalira kuseri kwa matumbawo. Esinati anatuluka akupukuta manja pachitenje, ndipo pondipatsa moni ndinaona kuti m'mizere ya zikhatho zake munali mwakuda.

Titadya, dzuwa likadalipo, anapempha bukulo. Analifungatira ngati khanda, n'kuyamba kutsegula tsamba ndi tsamba. Anafika kumapeto, n'kubwereranso koyamba.

"Dzina langa lili pati, abambo a Chifundo?"

Ndinamufotokozera za envulopu, monyadira ndithu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anayamba kukamba mosakweza mawu. Malungo aja sanali malungo. Munthu wina anakamuneneza kuti mphunzitsi akuyenda m'makomo ndi kope. Anabwera amuna awiri a boma kusukulu kudzamutenga, ndipo anamutsekera masiku asanu ndi anayi, Chifundo ali kwa mayi anga ku Limbe.

"Ndinawauza kuti ndikufuna kuyamba malonda a makala, ndiye ndikuona kumene kuli msika. Anandimasula, koma ntchito inathera pomwepo. Tsono ndikanatani? Bodzalo ndinayenera kulisandutsa zoona. Ndipo wogulitsa makala palibe amamufunsa chifukwa chimene akulembera m'kope."

"Bwanji simunandiuze?"

"Mukanabwerera. Ndimakudziwani."

Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti kwathu ndi malo amene anthu amangonjenjemera ngati ine, ndipo kuti ineyo, ndili kutali, ndi amene ndikuwatchinjiriza. Koma amayi a mzere wathu wonse ankadziwa chimene Esinati ankalemba, ankamuuza okha magetsi akazima iye ali ku Limbe kokaoda, ndipo amuna aja atabweranso kudzafunsa, onse anangoti ndi mayi wa makala. Mantha anali nawo, koma ankawanyamula pamodzi. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo ndikadali nawo.

"Sindikukudzudzulani," anatero. "Koma mtengo wa dzinali ndinaulipira kale. Sindinagone pasimenti kuti ndikhale wothandiza wina."

Anatenga cholembera chofiira, cha masiku a uphunzitsi, n'kuchiika patsamba loyamba.

"Lembani apa. Lonse."

Ndinadzuka kaye kukatseka katani. Esinati anadzuka n'kukatsegula, nakhalanso pansi kudikira. Panja panali mayi wina ataima ndi beseni, akufuna makala. Ndinalemba dzinalo mayiyo akuonerera.