Bingo Mbewe ndi bambo ake

Mwaswera bwanji nonse, imvani za lero kuno ku Dublin.

Bingo, galu wa mwana wathu Tadala uja, wameza sokosi ya amuna anga. M'mawa wonse amangosanza, chakudya osachiyang'ana, Tadala misozi chuchuchu kuti galu wake afa. Ine ndinali nditangoweruka ku chipatala cha Beaumont, yunifolomu ili m'thupi, basi tonse ulendo kwa dokotala wa ziweto.

Mukukumbuka mmene a Mbewe anandinenera nditamudulira galuyu inshulansi? Ankati, "Mayi, galu akadwala amadya udzu. Kwathu ku Dedza munaonapo galu akugonekedwa m'chipatala?" Lerotu amujambula, amuchita opaleshoni, sokosi yatuluka, ndipo a inshulansi ati gawo lalikulu alipira okha. A Mbewe za udzu osazitchulanso.

Koma nkhani yeniyeni nayi. Kuno galu amamulemba ndi dzina la banja. Tili chidikirire, nesi watulukira n'kuitana mokweza kuti, "Bingo Mbewe!" Amuna anga nyamu, dzanja pachifuwa, "Wawa!" Nesi uja akumwetulira wafunsa, "Ndinu bambo ake?" Iwo, anthu onse akuona, agwedeza mutu kuvomera.

Ndiye amalume tiweruzeni. Pa mtundu wonse wa a Mbewe, wa inshulansi ndi Bingo yekha, kodi timulowetse pa gulu pano? Nanunso alamu, achimwene anuwa tiziwatchulabe bambo a Tadala, kapena bambo a Bingo? Eni ake avomera kale, mboni zilipo.