Mayi Osagwira ndi Tsamba Lomaliza

Dzina lawo lenileni lilipo, linalembedwa pa chitseko cha laibulale, koma pasukulu ponse palibe amene amaligwiritsa ntchito. Ana amawatchula Mayi Osagwira, aphunzitsi chimodzimodzi, ndipo tsiku lina ahedi omwe anaterereka lilime pamsonkhano wa makolo n'kuwatchula choncho. Eni akewo sanakwiye. Anangogwedeza mutu ngati munthu amene wapatsidwa ulemu womuyenera.

Laibulale yawo inali chipinda chokongola kuposa zonse pasukulupo. Pansi pankawala, mashelefu analibe fumbi, mabuku ataima mondondozana ngati ana pa asembule. Madikishonale, mabuku a mapu ndi ena a kafukufuku ankakhala m'kabati yagalasi, ambiri akadali m'pulasitiki mmene anabwerera. Makompyuta anali pakona, iliyonse itafunda nsalu yamaluwa imene mayiwo anasoka okha. Malamulo anali pakhoma: ubwere ndi khadi, usambe m'manja, chikwama usiye pakhomo, buku ubweze pakatha masabata awiri, kompyuta ndi ya ntchito ya sukulu basi. Wowononga buku asapondemo teremu yonse.

Malamulo oterewa ali m'malaibulale ambiri, kungoti kwinako kulibe Mayi Osagwira. Kuno mwana akatambasula dzanja kuti atenge buku, ankamva mpweya wotentha kumbuyo kwa khosi.

"Ukufunamo chiyani mmenemo?"

Mwana akafunsidwa choncho amaiwala ngakhale dzina la mayi ake omubala. Ankabweza dzanja, n'kupepesa, n'kutuluka chammbuyo.

Sikuti mayiwa anali ouma mtima ayi. Nkhaniyi inayamba ali kamtsikana. Kwawo kunalibe buku la nkhani, koma tsiku lina anatola limodzi pansi pa bedi la msuweni wawo, lopanda chikuto. Ankaliwerenga mobisala kuseri kwa nyumba, mbale zikuwadikira. Linali la mtsikana wina amene anachoka kwawo kukafunafuna mchimwene wake. Atafika pamene mtsikanayo anagogoda pakhomo pena, m'nyumbamo n'kumveka mapazi, buku linathera pomwepo. Masamba omaliza wina anali atayatsira moto. Mpaka lero sadziwa amene anatsekula chitsekocho, ndipo zimawawawabe.

N'chifukwa chake buku lililonse la nkhani likafika ku laibulale, akalitulutsa m'pulasitiki, ankayamba kutsekula kumapeto kuti aone ngati tsamba lomaliza lilipo. Ankaliwerenga tsambalo kuti atsimikize, n'kutseka msanga msana wa buku usanapindike. Zaka zonsezi anadziwa mathero a nkhani zambirimbiri: amene anakwatirana, amene anamwalira, amene anagwidwa ndi apolisi. Koma mmene zinayambira sankadziwa olo imodzi.

Amuna awo anali okonza njinga, munthu wa manja a girisi chaka chonse. Chikwatiranireni sanaloledwepo kukhudza pepala lililonse m'nyumbamo, ngakhale kalendala ankachita kuwatembenuzira. Iwo sankadandaula, ankangoseka.

"Mayi, ine njinga imene imandivuta kukonza si yothyoka ayi," ankatero. "Ndi imene mwini wake waisunga m'chipinda zaka, osaikwera."

"Buku si njinga, bambo. Kasambeni m'manja."

Ndiye Lolemba lina m'mawa ahedi analowa mu laibulale atanyamula tepi yoyezera. Anayeza khoma, anayeza zenera, akung'ung'udza kanyimbo.

"Mayi, ana atichulukira, makalasi atichepera," anatero. "Chipinda chino n'chachikulu, koma ndikadutsa ndimangopezamo inu nokha."

"Nanga mabuku apita kuti?"

"M'makatoni, kuchipinda chosungira katundu. Kumeneko palibe adzawagwire, monga mumakondera muja. Teremu ino ikatha ana asakubwera, tilowetsa madesiki."

Mayi Osagwira anakhala pansi. Chipinda chosungira katunducho ankachidziwa bwino. Munali makoswe onenepa ngati ana a mphaka, ndipo khoswe sasamala zoti ili ndi tsamba lomaliza. Anachita mantha enieni, ndipo pamwamba pa manthawo panali manyazi, poti ahedi sananame.

Mawa lake nthawi ya buleki anaima pakhomo la laibulale akumwetulira. Kumwetulirako kunali kutakhalitsa osagwira ntchito, moti kunatuluka mokhota. Ana ataona mano a Mayi Osagwira panja anadziwa kuti kwagwa zinazake, n'kuyamba kuzungulira njira ya kuzimbudzi.

"Iwe, tabwera kuno," anaitana kamnyamata kena ka Fomu 1.

"Si ine, madamu. Ine sindinabwerekepo chilichonse chibadwire."

Amene anabwera yekha osaitanidwa anali Wailesi, mtsikana wa Fomu 3. Anzake anamupatsa dzinali chifukwa akatsekula pakamwa palibe amene ankadziwa pozimitsira. Iyeyu ndi mayiwa anali ndi mbiri. Teremu yapitayo anamupeza pa kompyuta akuonera masitayilo a tsitsi, n'kumuthamangitsa asanamalize kunena kuti amayi ake ali ndi saluni.

"Madamu, ndamva kuti mukufuna makasitomala," anatero Wailesi, manja ali kumbuyo. "Ine ndabwera, koma tigwirizane kaye za kompyuta ija."

"Kompyuta ndi ya ntchito ya sukulu."

"Ndi ntchito ya sukulu imene. Aphunzitsi a bizinesi atiuza tilembe za bizinesi ya pakhomo pathu. Ndiye tsitsi lija panopa lasanduka kafukufuku."

Mayi Osagwira anayang'ana malamulo pakhoma, anawerenga mpaka pansi, osapeza pomugwirira. Anavundukula kompyuta imodzi, nsalu n'kuipinda bwinobwino. Atamaliza kafukufuku wake wa tsitsi, Wailesi analoza buku lina lonenepa la nkhani, latsopano, lonunkhira kufakitale. Mayiwo anadinda tsiku lobweza, n'kulipereka ndi manja awiri ngati akupereka khanda kwa mlezi amene sakumudalira.

Masabata awiri anatha, buku osabwera. Anatha enanso. Wailesi ankabwerabe ku kompyuta ndi anzake angapo, koma akafunsidwa za buku ankati, "Lili m'njira, madamu," ngati bukulo linakwera basi. Anzake angapowo sakanadzaza chipinda, ndipo ahedi ankadutsabe pazenera, tepi ikuoneka m'thumba la malaya. Mayi Osagwira chakudya chinasiya kuwakomera. Anali atabwereketsa buku labwino kwa mwana wa phokoso, ndipo zinkaoneka kuti ataya buku ndi chipinda chomwe.

Sabata yomaliza ya teremu ahedi anabweranso kudzayeza khomo, kuti aone ngati madesiki angalowe chopingasa. Ali mkati moyeza, panja panamveka phokoso ngati la pamsika. Analowa Wailesi atakumbatira kathumba ka pulasitiki, kumbuyo kwake gulu la atsikana ndi anyamata, ena osasamba n'komwe m'manja.

"Madamu, musanakwiye mundimve kaye," anatero, n'kutulutsa bukulo.

Linali litatupa ngati lamwa madzi. Chikuto anamata ndi selotepi, m'makona munali mopindikapindika, ndipo fungo la mafuta a tsitsi linafika kwa ahedi lisanafike kwa mwini laibulale. Mayi Osagwira anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ndinkangowerenga ndekha kusaluni kwa amayi," Wailesi anapitiriza. "Ndiye kasitomala wina anati ndiwerenge mokweza, poti kulukitsa tsitsi kumatenga tsiku lonse. Basi zinayambira pamenepo. Azimayi ankabwera ndi tsitsi labwinobwino kuti alimasule, angomva mmene zikuyendera. Wina anathawa nalo kunyumba kwake Loweruka, mwamuna wake n'kulikaniza mpaka Lachiwiri. Ine ndikati ndibweze, amayi ankati ndikufuna kuwagwetsera bizinesi."

Aliyense ankadziwa lamulo lomaliza pakhoma paja. Ahedi anasiya kuyeza, n'kupinda manja kuti aonere.

Mayi Osagwira anachita zimene manja awo anazolowera: anatembenuza buku n'kutsekula kumapeto. Masamba akumapetowo anali atathothoka, koma wina anawasokerera mosamala ndi ulusi wakuda wolukira tsitsi, msoko wake waung'onoung'ono, wolunjika. Anawayendetsa ndi chala limodzi ndi limodzi. Tsamba lomaliza linalipo, lili ndi chidindo cha chala chamafuta pakona.

"Anasoka ndani?" anafunsa, mawu atatsika.

"Amayi. Tsiku limene anathothokalo anaimitsa ntchito, kasitomala mutu uli theka, mpaka tinawapeza onse. Limodzi linali pansi pa choumitsira tsitsi. Anati munthu sungamuyendetse ulendo wonsewo n'kumusiya pakhomo."

Mayi Osagwira anayang'anitsitsa ulusi uja. Maso anawalemera, ndipo anachita kutsokomola kuti ana asaone.

"Ndiye onse anamva mathero?"

"Onse, kupatula awa," Wailesi analoza gulu lija. "Awa anamva zapakatikati podikira amayi awo. Abwera kuti alibwereke, ndipo amene saligwira akuti atenga ena ofanana nalo."

"Nanga lamulo lija, mayi?" anafunsa ahedi, akuloza khoma ndi tepi.

"Lamulo likunena za wowononga buku, bwana. Ili masamba onse alimo." Anatembenukira kwa Wailesi, nkhope atayibwezera mwakale. "Koma wachedwa nalo, ndipo chilango chilipo. Teremu ya mawa, buleki iliyonse, uziwerenga mokweza muno. Tione ngati batire lako silitha."

Anatenga chidindo, n'kudinda buku lotupalo kwa woyamba pamzere. Kenako anatsekula kabati yagalasi, n'kuyang'ana kumbali pamene manja osasamba ankang'amba mapulasitiki. Ahedi anayesa kunena chinachake, koma phokoso linawamiza. Anakulunga tepi yawo n'kufika pafupi.

"Mayi, muno mwayamba kusokosa kwambiri, kalasi singaphunziremo. Madesiki aja tiona kwina."

Madzulo a tsikulo amuna awo pobwera kuntchito anapeza zachilendo: mayi ali pakhonde, buku lina la nkhani la ku laibulale lili pamiyendo. Anali atadzidindira okha tsiku lobweza, masabata awiri, monga wina aliyense.

"Bambo, tandigwirirani ili ndipukute magalasi."

Bambowo anayang'ana manja awo, anayang'ana mkazi wawo. "Ndi manja awa?"

"Gwirani, musanandisinthitse maganizo."

Analigwira, ndipo analibweza lili ndi zala ziwiri zakuda pachikuto. Mayi Osagwira anaziona, n'kulilandira choncho. Chala chawo chinathamangira kumapeto mwachizolowezi, koma anachibweza. Anatsekula tsamba loyamba, n'kulitambasula mpaka msana wa buku unalira.

"Werengani mokweza," anatero amuna awo, akukhala pansi. "Koma musandiuziretu mathero."

"Mathero ndinawadziwa kalekale," anayankha mayiwo. "Ndikufuna ndione mmene anafikira kumeneko."