Mzere Wofiira wa Greyson

Inu amene mukuti zanu zinada, tamverani za Greyson wa ku Chiosya.

Mu 1979 Greyson analephera mayeso a Sitandade 8 kachitatu. Kachitatu, abale! Anzake anapita ku sekondale, iye n'kutsala akusoka fodya m'chigafa cha eni ake.

Kenako kunabwera anthu oyeza malo, n'kumulemba ganyu yonyamula tcheni. Mkulu wawo, a Benedicto, akayala mapu pa boneti ya galimoto, Greyson ankasuzumira ndi kufunsa mpaka kutopetsa. Anaphunzira kuti mizere ikathinana pamapu, ndiye kuti pamenepo m'potsetsereka kwambiri. Anaphunziranso kuwerenga zithunzi zojambulidwa pa ndege. Zaka zinayi, munthu osatopa.

Tsiku lina anawatuma kukayeza malo omangapo sukulu m'tsinde mwa phiri. Malowo anali atasankhidwa kale ndi akuluakulu achipani, njerwa zitawotchedwa. Zithunzi zinkaonetsa phiri lodzaza mitengo.

Koma Greyson analikwera yekha phirilo. Mitengo ija inali itathera m'mabalani a fodya. Yotsala inali yopendekeka, nthaka itang'ambika, madzi akutuluka pomwe panalibe kasupe. Anatenga pensulo yofiira n'kuzunguliza malowo pamapu.

"Bwana, zithunzizi n'zakale," anatero. "Apa padzatsika napolo."

A Benedicto anacheuka uku ndi uku. "Iwe, ukudziwa anasankha malowa ndani? Anthu amasowa nazo zoterezi."

"Ndikudziwa, bwana. Koma ana adzakhale pansipa ndi athu. Tiyeni mukaone nokha."

Tisaname, Greyson mantha anali nawo. Koma sanafufute mzerewo. A Benedicto anakwera, anaona, anatsika, ndipo anasaina mapuwo. Sukulu anaisunthira kutsidya kwa dambo, makolo akusenza njerwa pamutu kwinaku akumutukwana Greyson.

Patatha zaka ziwiri, Greyson ali kale pantchito yojambula mapu kuboma, mvula inagwa masiku asanu osakata. Lachitatu m'mawa, ana ali m'makalasi, phiri linagumuka. Miyala ndi matope zinakwirira malo akale aja. Mphunzitsi Keziya anatsegula kaundula n'kuyamba kuitana mayina. Mwana aliyense anayankha, "Ndilipo!"

Ndiye inu amene mwagwa lero, dzukani, funsani, phunzirani. Osataya mtima ayi. Alipo anthu amene adzakhale moyo chifukwa cha inu.