Chitseko Changa Choyenda pa Njanji

Ine ndili ndi matenda akugwa. Ndikuneneratu kuti amene akufuna kusendera kutali asendereretu, ndinazolowera. Kwathu kuno kwa Mwambo amati khunyu, ndipo ena amalitchula monong'ona ngati dzina lokhalo lingawagwetse. Munthu wa matenda amenewa amamuletsa moto ndi madzi, ndiye m'mbali mwa Chilwa muno mukamuchotsera ziwirizo mwamusiyira chiyani? Bwato sindinakwerepo. Ku Chisi kuli abale athu, koma ine chilumbacho ndimangochionera kutali. Zonsezo ndinameza. Chimene chinandikakamira pakhosi ndi kukhala zaka makumi awiri m'chipinda chopanda chitseko.

Poyamba chitseko chinalipo. Ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, tsiku lina masana ndinalowa m'chipinda kukavula yunifolomu, ndinatseka, basi n'kugwera kuseri kwake. Chinali chotsegukira mkati ngati zitseko zonse za m'mudzi muno. Amayi anamva kugunda n'kuthamanga, koma akati akankhe chitseko, chinkakankha ine. Achimwene anga aakulu anabwera n'kuchigunda ndi phewa. Chinatseguka inde, koma chinanditengera mano awiri akutsogolo. Tsiku lomwelo anazula mahinjesi, chitseko chija chinakasanduka thandala loyanikapo mbale, ndipo pakhomo la chipinda changa anapachikapo chitenje.

Chitenje mumachidziwa inu. Mphepo ikawomba kuchokera kunyanja chimanyamuka chokha. Nkhuku zinkalowa kukaikira mazira pabedi langa. Azimayi obwera kudzapempha mchere ankasuzumira kuti aone ngati ndili bwino, ndipo wina aliyense wosuzumira ankati ndi chikondi. Mlendo akakhala pabalaza ankaona miyendo yanga. Ndinakula, mawere anamera, anzanga anakwatiwa n'kubereka, ine ndikuvalabe chogwada kuseri kwa dengu. Ngakhale kulira ndinkalira mobisa mawu, chifukwa amayi akangomva kaphokoso kalikonse ankafika ali wefuwefu. Ndikadandaula ankayankha zomwezomwezo, ati chitseko chinafuna kundipha kamodzi ndipo sangachipatsenso mpata. Ndinawapempha chotsegukira kunja, koma kanjira ka m'nyumba mwathu n'kopapatiza, chikanangogunda khoma la kutsidya. Nkhani inkathera pamenepo chaka ndi chaka.

Ndili ndi zaka makumi atatu ndi zitatu ndinaperekeza amayi kuchigayo cha mpunga. Kuseri kwa chigayocho kunali nyumba yosungiramo matumba, ndipo ndinaona bambo mmodzi akutsegula chichitseko chachikulu ndi dzanja limodzi, dzanja linalo lili ndi chinangwa. Sichinalowe mkati, sichinatuluke kunja. Chinangoyenda cham'mbali potsata khoma, chitalendewera pa chitsulo chachitali ngati njanji. Ndinaima kukamwa yasa. Amayi anayamba kale kundigwira mkono poganiza kuti zija zayamba. Ndinawasansa, n'kupita kukapempha bambo aja kuti nanenso ndikankheko. Ndinatsegula ndi kutseka kanayi konse, anthu a pamzere akuseka. Aseke, mano ndi awo.

Pamsika pathu pali mmisiri wokonza njinga amene amawotchereranso zitsulo. Nditamufotokozera, anandiuza kuti zitseko zoterozo ndi za matumba ndi makola, osati za m'chipinda mogona munthu. Ndinamufunsa ngati pakhomo pake amagulitsa ntchito kapena malangizo. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti kutsutsa galu n'kukumba, tiyeni tiyese. Ndinagulitsa abakha anga ndi mphasa zimene ndinaluka chilimwe chonse, osapempha munthu kanthu. Iye anatenga mahabu awiri, zitsulo za pakati pa mawilo a njinga yakutha, kuti akhale mateyala, chitsulo chachitali, ndi matabwa a bulugama. Poopa kuti khoma lathu lomanga ndi dothi lingagumuke, anaboola mpaka kuseri n'kumanga mabawuti pa thabwa lina. Pofika madzulo chitseko chinali chikuyenda.

Achimwene anakwatira mudzi wina wapafupi, koma monga mwini mbumba anabwera mawa lake kudzaona. Anachikankha uku ndi uku, n'kufunsa ngati ndasanduka mbuzi kapena thumba la mpunga. Ndinawayankha kuti mbuzi zili bwino, zimagona motseka. Amayi anangoyesa kutsegula ndi chala chimodzi, chinatseguka, ndipo ndinaona kuti mapewa awo atsika pang'ono.

Sindikunamizani kuti n'chitseko chabwino m'zonse. Chimalira. Chikamayenda chimachita ngati ngolo ikudutsa pamlatho wa mitengo, moti nyumba yonse imadziwa kuti ndalowa kapena ndatuluka. Sichikhudza khoma, pamatsala mpata wolowa zala ziwiri, ndipo udzudzu wa ku Chilwa sufuna khomo loposa pamenepo. Utsi wa kukhitchini umalowa, mawu amatuluka. Chinalanda khoma lonse pamene amayi ankapachikapo malichero ndi kalendala. Nyanja ikaphwa, fumbi lakuda lija limalowa m'mahabu, iwo n'kumalira kwiii mpaka nditathira oyilo. Masiku oyamba chinkagwedezeka kumunsi ngati siketi, mpaka tinakhomera chikhomo pansi. Chinandipana chala kawiri. Zonsezi ndikuzidziwa bwino kuposa amene amandinena, koma palibe ngakhale chimodzi chimene chingandibwezere ku chitenje.

Ntchito yake chinagwira. Chaka choyamba ndinagwa kawiri ndili mkati, ulendo wina nditatsamira chitseko chenichenicho. Amayi anangochisendeza, n'kundigoneka cham'mbali, popanda dzino lothyoka. Mpaka anayamba kuchitamanda kwa azimayi anzawo a kutchalitchi ngati nzeru inali yawo.

Koma kupepuka komweko n'kumene kunandipsetsa mtima. Amayi ankatsegula nthawi ina iliyonse. Ndikakhala chete kanthawi, guduguduu, atsegula. Ndikatsokomola, atsegula. Tsiku lina ndikudzola mafuta nditangochoka kubafa, anatsegula ali ndi mayi wina wa mvano kumbuyo kwawo, ati amuonetse mmene chimayendera. Ndinaima pamenepo mmene ndinabadwira. Mayi uja anatembenuka mwamanyazi, koma amayi anangoti pepa ngati andiponda chala. Ndinazindikira kuti ndinagulitsa abakha anga onse kuti ndigule chitenje chamatabwa.

Ndinabwerera kwa mmisiri uja kuti andipangire kachitsulo kokolowekera mkati. Ulendo uno sanaseke. Anandifunsa kuti nanga ndikagwa nditakoloweka zidzatha bwanji. Ndinati zimenezo ndi zanga. Anakana masiku awiri, kenako anapanga, koma anandionetsa chinthu chimodzi: chitseko chotere anthu awiri akachigwira m'munsi n'kuchikweza m'mwamba, mateyala amachoka pa njanji ndipo kachitsulo kaja kamavuka kokha. Anandiuza ndi mawu amphamvu kuti ndikaphunzitse a kunyumba. Ndinavomera ndi mutu, koma sindinauze munthu. Ndinkadziwa kuti ndikangotchula, kachitsuloko sikagona. Pamenepa ndiye ndinalakwa, ndipo sindikubisa.

Miyezi inayi ndinakhala ngati munthu. Ndinkakoloweka masana amayi akapita kudimba, kapena ndikamavala. Ndinkagona chagada n'kumayimba nyimbo zopanda mutu. Ndinkadziyang'ana pagalasi ndi mano anga operewerawo, osaopa kuti wina andipeza. Kunena zoona, palibe chachilendo chimene ndinkachita m'menemo. Kukoma kwake kunali kungodziwa kuti wofuna kulowa adikira kaye ine.

Kenako mvula inakula, msewu unadzaza madzi, ndipo mapilitsi anga anatha ndisanathe kupita kukatenga ena. Tsiku lachinayi chithereni mapilitsi, masana ndinalowa kukasintha zovala zonyowa, ndinakoloweka, ndipo zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa. Amayi anali pakhonde akupeta. Anamva kugunda, anathamanga, anakankha ndi dzanja limodzi monga mwa masiku onse, chitseko osasuntha. Anakankha ndi manja awiri. Analowetsa zala mumpata uja n'kumakoka, akundiona ndi diso limodzi ndikuphupha pansi, thovu lili kukamwa. Anakoka mpaka zikhadabo ziwiri zinazuka ndipo chala chapakati chinathyoka. Anthu anabwera atamva kukuwa. Achimwene anali kumunda wapafupi, ndipo pochigwedeza mwaukali iwo ndi bambo wina anangopezeka achikweza, chitseko n'kuchoka.

Nditatsitsimuka, choyamba kuona chinali kuwala kochuluka pakhomo. Lilime linali litalumidwa, mutu ukulemera. Pansi panali magazi, ndipo ndinafufuza thupi lonse osapeza bala. Anali a amayi.

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo. Achimwene sanakalipe n'komwe, anangolankhula mwachifatse pamaso pa anthu kuti masewera atha. Anasenza chitseko changa kukatsekera khola la mbuzi, ati kumeneko ndiye kwawo kwa zitseko zotere. Chitenje chinabwerera pamalo pake. Amayi anabwera kuchokera kuchipatala dzanja litakulungidwa, ndipo masiku awiri sanandilankhule. Ine ndinkawatungira madzi osamba, kuwamanga mpango, kuwakonzera pogona, iwo akuyang'ana kumbali. Ndinapepesa kangapo. Ndinapepesa chifukwa chowabisira, chifukwa cha chala chawo, koma mawu akuti ndasiya za chitseko anakana kutuluka.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinapita kukhola. Ndinamasula luzi limene anamangira, mbuzi n'kumwazika. Chitsekocho chinali chitapakika ndowe kumunsi. Matabwa a bulugama amalemera, inu. Kusenza sindikanatha, ndiye ndinachigwira kumutu n'kumachikoka chobwerera m'mbuyo, chikulemba mzere m'matope. Azimayi opita kumjigo anaima ndi zidebe zawo. Wina anati ndichitireko chisoni mayi wanga, wina anati matendawa amalowa ndi m'mutu momwe. Sindinawayang'ane. Ndinapuma katatu ndisanafike pakhonde, ndinachitsuka ndi phulusa, n'kuchilowetsa m'kanjira kaja.

Achimwene anafika ndili pamenepo, wina atawathamangira kukawauza. Anaima pakhomo n'kundifunsa ngati magazi a amayi sanandikwane.

“Achimwene,” ndinatero, “inu mukalowa m'nyumba mwanu ndi alamu mumatseka. Ine ndatha zaka makumi awiri ndikuonedwa ndi aliyense, ati kundisamala. Ngati ndi kufa, ndikhoza kufera pamjigo kapena panjira. Koma masiku amene ndili moyo ndizivala nditatseka.”

Anati achichotsanso. Ndinati achichotse, ndikachikokanso, ndipo tione amene ayambe kutopa. Ananena kuti makani angawa adzanyamula maliro awiri m'nyumba muno. Anatuluka osatsanzika.

Ndinatsala ndekha ndi chitseko changa. Ndinachiimika, ndinachikumbatira, ndinayesa kukweza kuti mateyala akwere pa njanji. Mbali imodzi ikakwera, inayo inkatsika. Ndinayesa mpaka thukuta ndi misozi zinasakanikirana. Ndinachitukwana chitsekocho, ndinatukwana mmisiri, ndinadzitukwana ndekha. Koma sindinachisiye, ndinangoima nditachitsamiritsa pachifuwa.

Amayi anali atakhala pampasa pabalaza nthawi yonseyi, akuona. Ndinamva akudzuka pang'onopang'ono. Anabwera n'kuima mbali inayo, anayang'ana kachitsulo kokolowekera kaja kali pomwepo, anakagwira ndi chala chabwino, ndipo ine ndinakonzeka kumenya nkhondo ina. Sanakachotse. Anawerama, analowetsa dzanja lamanzere pansi pa thabwa, dzanja lokulungidwa lija n'kuchirikiza ndi chigongono.

Ndinawauza kuti asiye, apweteka chala. Anandiuza kuti ndikhale chete ndikweze mbali yanga. Tinakweza, mateyala anakhala pa njanji, chitseko chinayenda. Ndisanapume n'komwe anati tichitsitsenso. Ndinadabwa, koma tinachitsitsa. Anati tikwezenso. Tinachita zimenezo katatu, iwo akuluma mlomo ndi ululu, nsalu ya padzanja ikuyamba kufiira.

“Usaganize kuti ndavomera,” anatero akupuma movutikira. “Ndikufuna ndidziwe kulemera kwake, chifukwa tsiku lina sipadzakhala wondigwirira mbali inayo.”

Anapukuta dzanja labwinolo pachitenje chawo n'kubwerera pampasa. Ine ndinalowa m'chipinda, ndinasendeza chitseko mpaka kumapeto, ndipo ndinaima nthawi yaitali kachitsulo kali m'manja, ndikuwamva akupuma kuseri kwa matabwa. Kenako ndinakoloweka.