Kachitsulo Kamene Amalume Anataya

Kanali kachitsulo kamkuwa kokwana m'dzanja, kokhala ndi sipuling'i pakati. Ndinakatola pafumbi kuseri kwa nyumba yathu ku Kalingalinga, ndipo kwa miyezi yambiri kanali belu la sukulu yanga yamasewera, imene ophunzira ake anali mabotolo. Sindinkadziwa kuti kanachokera m'mimba mwa Pijo ya atate.

Galimotoyo inali yakale kuposa ukwati wa makolo anga. Atate, amene ankawotcherera mageti m'mbali mwa msewu, ankaisamala ngati mwana wachisamba. Koma chaka chimenecho chifuwa chinawagwira, thupi linatha, ndipo amalume, mlongo wawo wa amayi, ndi amene ankawayendetsa popita kuchipatala.

Juni anabwera ndi mphepo yake yolowa m'mafupa. Ine ndinkakwera nawo mpaka pageti la sukulu. Ndimakumbukira mpando wozizira ngati simenti, utsi wakuda wonunkha petulo wosapsa, ndi atate atadzikulunga m'bulangete, mano akugundana. Amalume akatsegula hita yofunditsa m'galimoto, inkangopuma mphepo yozizira. Kasingano kosonyeza kutentha kwa injini kanagona pansi osadzuka.

"Injini yozizira ndiye ili bwino, ba mulamu, siizaboila," amalume ankatero monyada. Anali munthu wabwino mtima koma wodziwa zonse, mtundu uja wokonza wailesi n'kutsala ndi masikuluwu m'thumba.

"Muzanipaila munthu na mphepo, imwe," amayi ankawayankha, ndipo sankaseka.

Loweruka lina atate anatulutsitsa mpando padzuwa n'kuuza amalume kuti alize injini. Mphamvu yowerama analibe, choncho anaitana ine. "Gwira paipi ya pamwamba iyo, uniuze ikayamba kufunda." Sipanapite nthawi, mphira wa paipiyo unayamba kufunda pang'onopang'ono m'manja mwanga. Atate anapukusa mutu. Anati paipi imeneyo imayenera kukhala yozizira mpaka injini itatentha, kenako n'kutentha mwadzidzidzi. Ikafunda msanga ndiye kuti madzi akungozungulira popanda chowatsekera, ndipo injini singatenthe, hita nayonso singafunde.

"Ba mulamu, themositati ili kuti?" atate anafunsa, kunena chotsekera madzi chija.

Amalume anakanda m'mutu. Anali ataichotsa mu Okutobala, paulendo wa ku Chipata, poopa kuti madzi awira panjira. Amakaniko ambiri amachitabe zimenezi, ati kachitsuloko n'ka mayiko ozizira. Mpaka lero ndimakangana nawo, ndipo sindigonja. "Ni kanthu chabe ka so, ka sipuling'i, ninakataya kuseli uko," anatero amalume akupinda zala. Asanamalize, ine ndinali nditathamanga kale kukatenga belu langa.

Atate anakaponyetsa m'poto wa madzi pambaula, tonse titaunjikana. Madzi atayamba kulira, kachitsuloko kanayasamula pang'onopang'ono ngati kamwana ka mbalame. Atate anaseka mpaka chifuwa chinawadula. "Kakali kamoyo aka!" Amalume anakabwezeretsa mwakachetechete, chinthu chimene sindinachionenso m'moyo wawo wonse.

Lolemba kasingano kanakwera mpaka pakati tisanafike pasukulu. Utsi unatha, ndipo hita inatulutsa mpweya wofunda wonunkha fumbi lakale. Atate anachotsa bulangete n'kutambasula manja, zala zawo zoonda zija zili ndi zipsera za moto. Mtima wanga unadzaza. Tsiku limenelo ndinauza aphunzitsi kuti ndachiritsa atate, iwo anangondisisita pamutu.

Kuyambira sabata imeneyo, madzulo alionse atate ankapita ndi amayi kubwalo la mpira, iwo pampando wam'mbali, amayi pachiwongolero. Galimoto inkadumpha n'kuzima, ana a m'komboni tikufa nazo ziseko. Atate, amene kale sankalola munthu ngakhale kutsamira Pijo yawo, sanakalipe n'kamodzi komwe. "Yesani futi, amake mwana. Muziyang'ana kasingano. Munthu asachose chilichonse imwe musanaone." Ankabwereza zimenezi mofulumira, mpweya ukuwaperewera. Anali atatsala ndi miyezi yochepa, ndipo onse awiri ankadziwa.

Ine zinkandikwiyitsa. Tsiku lina tikubwerera ndinawafunsa amayi chimene ankadzivutitsira kuphunzira, pamene atate asiya kale kunjenjemera ndipo posachedwa aziyendetsa okha. Amayi anayang'ana atate, atate anayang'ana pawindo. Kenako amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ati ndi fumbi. Ndinawakhulupirira, pakuti mu Julayi fumbi la Kalingalinga limalowadi m'maso.